Chifukwa Chake Atate Safunanso Kukwera Basi ya ku Chipata

Lero tikamba za ulendo. Sitikamba za maulendo a anthu otchuka amene mumawawerenga m'mabuku a mbiri yakale ayi, koma za ulendo umene ambiri a inu mwakhala mukuupempha kunyumba tchuthi chilichonse, ndipo kufikira lero simunauyende.

Mwezi watha ndinakacheza pa sukulu ina ya pulaimale ku Matero, monga mwa ntchito yanga, kukaona ngati maphunziro a pa wailesi akumveka bwino. Ndinapeza mphunzitsi wa Giredi 6 akuchonga nkhani zimene ana ake analemba pa mutu wakuti "Tchuthi changa". Anandipatsa kope limodzi kuti ndiwerenge. Mnyamata mwini kopelo analemba kuti atate ake akhala akulonjeza zaka zitatu tsopano kuti banja lonse lidzapita ku Katete kukaona agogo, koma sukulu ikatsekera amangoti, "Tidzaona chaka chamawa." Ndipo iwo akapatsidwa tchuthi kuntchito, amangokhala pansi pa mtengo wa mango, kapena kukwera padenga kukhoma malata. Mwanayo anatsiriza nkhani yake ndi mawu akuti, "Kale atate ankakonda kuyenda, koma tsopano achita ulesi."

Ndinaseka, mphunzitsi nayenso anaseka. Koma ndili m'minibasi pobwerera, kuseka kuja kunandithera, pakuti ndinakumbukira kuti inenso papita zaka zinayi ndisanawoloke mtsinje wa Luangwa, ndipo mwana wanga wamkazi akanapatsidwa mutu womwewo akanalemba chimodzimodzi. Ndapitirira zaka 40. Tsono lero ndifuna kuwayankhira atate a mnyamata uja, pamodzi ndi ine ndemwe, pa mlandu umenewu. Sindikunena kuti tilibe mlandu konse, koma mlanduwo dzina lake si ulesi.

Poyamba tiyeni tibwerere m'mbuyo, tione kumene mwambo wopita kumudzi pa tchuthi unachokera. Lusaka anakhala likulu la dziko lino mu 1935, pamene boma la atsamunda linasamuka kuchoka ku Livingstone. Amene anakonza mapulani a mzindawu sanaganize zakuti munthu wakuda adzakhalamo moyo wake wonse. Kwa iwo iye anali mlendo wodzagwira ntchito basi: abwere yekha, chitupa chili m'thumba, ndipo ntchito ikatha kapena mphamvu zikachepa abwerere kwa mfumu yake. Nyumba inali ya ntchito, motero ntchito ikatha nyumba yathanso. Ngakhale liwu lakuti komboni likutikumbutsa zimenezi, pakuti poyamba linkanena malo amene eni mafamu ndi makampani ankasungirako antchito awo. Maina monga George, John Laing ndi John Howard ndi a mwini malo kapena a kampani imene anthu anayamba kumanga pa malo ake.

Chifukwa chake munthu wanzeru masiku amenewo sankataya kwawo. Kumudzi ndiko kunali munda wake, manda a makolo ake, kawirikawiri mkazi ndi ana omwe, ndipo ndiko kunali kothawira ukalamba ukafika. Wopita ku migodi ya ku Kitwe ndi Luanshya, kapena ku Salisbury kumene lero ndi Harare, kapenanso ku Joni, akatha zaka zambiri osabwera, osatumiza kalata ngakhale bulangete, ankatchedwa mtchona, ndipo limeneli silinali dzina lonyaditsa. Ulendo wa kumudzi sunali wokapuma monga wa alendo a makamera amene timawaona akupita ku mathithi a Mosi-oa-Tunya. Unali ngati ngongole. Munthu ankapita kukaonetsa nkhope, kuti abale asamuiwale ndiponso kuti munda wake usapatsidwe kwa wina.

Makolo anga anabwera ku Lusaka dziko litalandira kale ufulu wa mu 1964, malamulo oletsa anthu kulowa m'tauni atachotsedwa, ndipo ine ndinabadwira ku George. Koma mwambo uja anausunga. Chaka chilichonse mu Ogasiti, chimanga chili m'nkhokwe, tinkapita kumudzi kwa amayi pafupi ndi Katete, pakuti ife Achewa kwathu ndi kuchikazi. Ana inu, chimwemwe chake chinali chosaneneka. Usiku wakuti mawa tinyamuka sindinkaona tulo. Amayi ankamanga katundu mpaka pakati pa usiku: shuga, mchere, sopo, zitenje ziwiri za agogo aakazi, jekete la agogo aamuna, ndi buledi amene ankafika atafinyika koma ankalandiridwa ndi manja awiri. Tinkakwera mabasi a UBZ, kampani ya boma imene inatsekedwa mu 1995. Funsani makolo anu, akuikumbukira.

Ngati m'kalasi mwanu muli mapu a Zambia, aphunzitsi aikepo chala pa Lusaka, tiyende limodzi. Msewu wa Great East umachoka ku Lusaka kukafika ku Chipata, mtunda wa makilomita pafupifupi 570. Mukadutsa Chongwe ndi Rufunsa mumalowa m'mapiri a Manenekera, mmene msewu umakhotakhota ngati njoka, mbali ina phiri, mbali ina phompho. Pamenepo amayi ankatsinzina ndi kupemphera chamumtima, ine maso ali pawindo, kufuna kuti basi ithamange koposa. Mukatsika mapiriwo mumafika pa msika wa pa Luangwa, pamene mpweya umatentha ndipo ponseponse pamanunkhira nsomba zouma, madengu ndi zipewa zoluka zitapachikidwa m'mbali mwa msewu. Patsogolo pang'ono pali mlatho umene unatsegulidwa mu 1968, wolendewera pa zingwe zachitsulo zochokera pa nsanja ziwiri zazitali. Atate ankandiloza chakummwera ndi kundiuza kuti Mozambique sali patali. Kenaka Kacholola, Nyimba kumene tinkagula nthochi zambiri ndi ndalama yochepa, Petauke, Sinda, ndipo dzuwa litapendeka, Katete. Pa siteji tinkapeza amalume akutidikira ndi ngolo ya ng'ombe.

Chilakolako chimenecho ndinakula nacho. Ndili pa yunivesite, mnzanga akangoti tiyeni, ine ndanyamuka kale. Ndinakwerapo sitima ya TAZARA kuchokera ku Kapiri Mposhi mpaka ku Dar es Salaam, makilomita 1,860, cholinga changa chili chimodzi chokha, kukaona nyanja ya mchere. Chikwama ndicho chinali mtsamiro wanga, ndipo sindinadandaule.

Nanga chinasintha n'chiyani? Msewu ulipo, mabasi a masiku ano ndi abwino kuposa akale, ndipo munthu wonyamuka m'bandakucha pa Intercity amafika ku Chipata tsiku lomwelo. Chosintha ndi wokwerayo.

Choyamba ndi masamu, ndipo awa mungawachite nokha. Mwana amakwera basi osawerenga kanthu. Amene amawerenga ndi wina. Banja la anthu asanu ndi mmodzi lifuna matikiti angati popita ndi pobwera? Khumi ndi awiri. Pamenepo simunagule kanthu, chonsecho munthu wa m'tauni safika kumudzi chimanjamanja. Akafika, abale amabwera mmodzimmodzi madzulo, mwaulemu ndithu, wina ndi nkhani ya feteleza, wina ya yunifomu ya mwana, wina ya mankhwala. Sakulakwa, pakuti zosowa zawo n'zoona, ndipo iwo amakhulupirira kuti ku Lusaka ndalama zimachita kutola. Munthu wa zaka zapakati alidi pakati: pansi pake pali ana ofuna nsapato ndi makope, pamwamba pake pali okalamba ofuna chipatala, ndipo onse akuyang'ana thumba limodzi. Ndikudziwa amuna ena amene amapewa kumudzi osati chifukwa chakuti sakonda abale awo, koma chifukwa cha manyazi a kukana.

Ndipo si onse amene ali ndi tchuthi. Lamulo la ntchito la mu 2019 limapatsa wolembedwa ntchito masiku awiri pa mwezi uliwonse, ndiwo masiku 24 pa chaka. Koma makolo ambiri a m'makomboni sanalembedwe ndi munthu. Amayi ogulitsa tomato pa msika wa Soweto, kapena mmisiri wopala matabwa ku Kalingalinga m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, akatseka sabata imodzi ndiye kuti sabata imeneyo palibe cholowa, ndipo makasitomala azolowera kwina. Pano ndipatuke pang'ono: Alick Nkhata, mwini dzina la msewuwo, anali woimba ndiponso muulutsi wa pa wailesi ya dziko lino, ndipo anamwalira mu 1978, ana a ku Kalingalinga ndi Mtendere muyenera kumdziwa. Tibwerere ku nkhani yathu. Tchuthi cha Disembala chimagwa m'nyengo ya mvula, ndipo wokhala ku Kanyama, kumene malo ndi athyathyathya ndipo madzi amachedwa kuphwa, sangatseke nyumba ndi kuchoka ali ndi mtima m'malo.

Za thupi sindichulukitsa. Mawondo amene ankapirira masiku awiri m'sitima tsopano amayamba kudandaula tisanafike pa Rufunsa, ndipo amene amamwa mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi amayamba waganizira za chakudya ndi pogona asanaganize za mapiri okongola. Ndi zoona zimenezi, koma sindizo zazikulu. Munthu akaufunitsitsa ulendo, msana sumuletsa.

Chachikulu ndi ichi, ndipo ndikupempha kuti mumvetsere bwino, chifukwa makolo anu sadzakuuzani okha. Ife sitinkapita kukaona Katete. Tinkapita kukaona anthu. Agogo aakazi ankamva ngolo ikubwera ndi kutuluka akululuta, nkhuku n'kuphedwa tisanatsitse katundu. Agogowo anapita, aamunanso anapita, amalume a ngolo aja anawatsatira. M'zaka za m'ma 1990, pamene matenda a Edzi anatenga anthu ambiri a msinkhu wogwira ntchito, mabanja ambiri a mu Lusaka anauyenda msewu umenewu kangapo pa chaka, koma osati ndi zitenje za mphatso. Maulendo anga atatu otsiriza onse anali a maliro. Tsono msewu umene kale unali wa nthochi ndi nsomba, lero ndikauganiza ndimakumbukira pamene tinaima usiku ndi bokosi, ndi pamene amayi analephera kudya. Mapiri a Manenekera sanasinthe, koma ine ndikawaona sindionanso zimene ndinkaona ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Atate akati "tidzaona chaka chamawa", nthawi zina akunena kuti sanakonzeke kukaona khonde limene amayi awo ankakhalapo lili lopanda munthu.

Palinso china chimene chinachitika mwakachetechete, ndicho chakuti kwathu kunasamuka. Mu 1974 boma linakhazikitsa lamulo lovomereza makomboni amene kale ankayesedwa osaloledwa, ndipo m'zaka zotsatira, ndi thandizo la World Bank, m'malo monga George ndi Chawama munalowa misewu ndi mipope ya madzi. Anthu anayamba kulandira ziphaso zowalola kukhala pa malo awo zaka 30. Mu 1996 boma la Pulezidenti Frederick Chiluba linagulitsa nyumba za khonsolo kwa amene ankakhalamo, ndipo mabanja ambiri a ku Matero anakhala eni nyumba kwa nthawi yoyamba. Munthu amene ali ndi pepala la nyumba yake saopanso kuti ntchito ikatha adzagona kuti. Mpingo wake uli pomwepo, anzake olira naye maliro ali pomwepo. Atate anga atadwala anatiuza kuti tisavutike ndi kuwanyamula, ndipo agona ku manda a Chingwere. Agogo awo akanamva zimenezi sakanakhulupirira.

Tsopano taganizaninso za atate aja ali padenga ndi hamala. Agogo athu ankapita kumudzi pa tchuthi kukasamala malo amene adzakalambirepo. Atate akukhoma malata ku Matero akuchita chinthu chomwecho, kungoti malowo asintha. Thumba la simenti limene agula m'malo mwa matikiti ndilo ulendo wawo wa kumudzi. Ndipo za ngongole ija yokaonetsa nkhope, foni yaichepetsa: mawu amafika tsiku lomwelo, ndalama ya feteleza imatumizidwa munthu ali chikhalire, ndipo palibe amene angamutche mtchona.

Motero tchuthi cha anthu a msinkhu wanga chafupika ndipo chayandikira. Timafuna ulendo wakuti tichoke mmawa ndi kugona pa bedi lathu madzulo. Timatenga ana kupita ku Munda Wanga ku Chilanga, kapena ku Lusaka National Park imene inatsegulidwa mu 2015, kapena ku Kabwata kukaona osema ziboliboli. Ena apeza kamunda cha ku Chongwe ndipo Loweruka lawo limathera kumeneko ndi khasu. Ine sindiona cholakwa pa zimenezi, ndipo ndivomere kuti tsiku limene ndimapumuladi ndi limene ndadzuka popanda wondifulumiza, ndamwa tiyi pakhonde, osapita kulikonse. Mnyamata wa zaka 20 amene ndinali akanandiseka, koma iye sankalipira lendi.

Komatu nkhani siithera pamenepa, pakuti mnyamata wa ku Matero uja ali ndi mbali yake, ndipo ndi yolemera. Ine ndinapatsidwa maulendo anga pa nthawi yake. Atate anga nawonso anali otopa, nawonso ankawerenga matikiti, koma anandikweza basi. Zonse zimene ndakusimbirani lero, mlatho, nsomba, ngolo, ndinazitola ndili mwana, pamene maso amaona chinthu kamodzi ndi kuchisunga mpaka imvi. Msinkhu umenewo sukhalitsa. Ngati ndidikira kuti chilakolako changa chibwerere ndisanatenge mwana wanga, chake chidzakhala chitapita, ndipo amene akanamlandira adzakhala atapitanso. Akuluakulu anati mwana wosayenda amati amake okha ndiwo adziwa kuphika. Mwana wanga amayankhula Chinyanja cha m'tauni bwino lomwe, koma sanaonepo nkhokwe, sadziwa kuti mfutso amaupanga bwanji, ndipo Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamlemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu onse, iye anangomuona pa kanema. Chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, m'boma lomwelo la Katete, ndipo mwanayu sanapondeko. Kumudziko kwatsala amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi anga, amene akuyandikira zaka 80. Ndiwo okha tsopano amene angatchule maina a makolo athu kubwerera m'mbuyo mibadwo inayi. Zimenezo sizikambidwa pa foni, mayunitsi akutha. Zimafuna madzulo, moto, ndi mwana wokhala pafupi amene safulumira.

Anzanga aphunzitsi, ndili ndi pempho. Mutu wakuti "Tchuthi changa" ndi wabwino kwa mwana amene anayenda, koma m'makalasi a m'makomboni athu ana ambiri sanapite kulikonse, ndipo mutu umenewu umawaphunzitsa kupeka bodza kapena kuchita manyazi ndi makolo awo. Sabata ino yesani wina. Mwana aliyense akafunse kholo kapena womlera za ulendo umene anaukonda kwambiri ali wamng'ono: anakwera chiyani, anadutsa kuti, anadya chiyani panjira, anakapeza yani. Abwere nazo, ajambule mapu a njirayo, alembe maina a mitsinje ndi matauni motsatana. Amene kwawo ndi ku Kasama adzajambula msewu wa Great North, a ku Mongu adzawoloka Kafue, ndipo amene makolo awo anabadwira mu Lusaka momwemuno adzakuuzani mmene Chawama analili kusanabwere mipope. Mudzaphunzitsa jografe, mbiri ndi chiyankhulo pa ntchito imodzi. Muwachenjeze kuti kholo likakhala chete pakati pa nkhani, asalikakamize.

Ndipo inu ana, musakafunse kuti "Tidzapita liti?", pakuti yankho lake mukulidziwa kale. Mukasankhe nthawi imene atate kapena amayi adya ndipo apuma, mukafunse kuti, "Kodi ulendo wanu woyamba unali wotani?"

Funso limeneli ndinaliyesa kunyumba kwanga ndisanabwere nalo kwa inu. Ndinauza mwana wanga kuti andifunse, ndipo ndinayankha mpaka nsima inazizira. Nditamaliza iye anafunsa ngati pa Luangwa akugulitsabe nsomba zija, ndipo ndinapeza kuti ndikufuna kukamuonetsa ndekha. Masamu aja tawachitanso: banja lonse silingathe, koma anthu awiri afuna matikiti anayi okha. Tidzapita awiri mu Ogasiti, iye pawindo. Ndinawaimbira foni amayi aakulu kuwauza, ndi kuwafunsa chimene tiwatengere. Anati mchere ali nawo, sopo ali naye, koma tibwere ndi kope ndi pensulo, chifukwa maina aja ayamba kuwasokonekera.

Tidzakumananso sabata yamawa pa nthawi yomweyi. Tsalani bwino.